Muvi Wofiira pa Mtengo wa Mango

Chaka chimene mphekesera za anamapopa zinagwira Mulanje, anthu anasiya kukhulupirirana. Ankati kwabwera anthu achilendo oyenda ndi timapaipi, opopa anzawo magazi. Aliyense ankadziwa munthu amene anamva kwa mlamu wake kuti wina anawaona, koma wowaona ndi maso akeake ankasowa. Ukafunsitsa, umasanduka iweyo wowabisa. Anyamata anapingasa zipika m'misewu nayamba kusecha aliyense wodutsa, ndipo munthu wodzikonda ankayenda chimanjamanja.

Alefa ankakhala yekha kumtunda kwa Milonde, m'nyumba yomalizira usanafike pamwamba pa chitunda. Anali mayi wamasiye amene anatchola tiyi pa esiteti mpaka msana unakana. Mtima wake unali wabwino, izo palibe angatsutse, koma pakamwa pake pankathamanga kusiya mutu m'mbuyo. Mwana anali naye mmodzi yekha, Honest, amene ankakhala ku Boma n'kumagwira ntchito yoperekeza alendo pa njinga zakapalasa. Ntchito imeneyi Alefa sankaimvetsa. Anthu oti ali ndi galimoto zawo, kuzisiya pamthunzi kuti akatuluke thukuta pa zikweza zomwe eni dera amazitukwana tsiku ndi tsiku! Koma Honest akayamba kusimba, nkhope yake inkawala. Ankanena za tinjira todutsa pakati pa minda ya tiyi, za mathithi otsika m'phiri, za malo amene ukaima umaona mtsinje wa Ruo ukukhotakhota ndi mapiri a ku Mozambique kutsidya kwake. Kumudzi ankabwera pa minibasi, atavala ngati munthu aliyense, ndipo pobwerera sankaiwala kutenga chidede chouma cha amayi ake, chija amaviika m'madzi n'kukhala chakumwa chofiira chowawasa. Za m'mabotolo ankati zimamulemetsa miyendo.

Lachisanu lina m'mawa, Alefa akuchokera kumaliro ku Chinakanaka kumene anagona, anaima chilili pa mphambano ya kumunsi kwa nyumba yake. Pamenepo msewu umagawikana. Waukulu umatsetsereka molunjika mpaka pa mlatho, pamene kanjira kakang'ono kamakhotera kumanzere kukwera kwa Alefa. Pa mtengo wa mango wa pamphambanopo panali muvi wojambulidwa ndi penti wofiira, wotalika ngati mkono wa munthu. Muviwo unkaloza kanjira ka kwa Alefa, ndipo m'kanjiramo munalibe nyumba ina.

Doris, mnansi wake, anatulukira ndi ndowa pamutu. Anayang'ana uku ndi uku asanalankhule.

"Mwauona eti, amake Honest? Wolembayo ine ndinamuona dzulo masana. Nkhope analibe munthu ameneyo. Mutu ngati chigoba cha kamba, m'maso muli bii, ndiye kapaipi kakuchokera kumsana kudzalowa m'kamwa. Anakwera mpaka pakhomo panu, n'kugwedeza loko."

"Mayo ine! Andisankha ine wamasiye!"

Alefa sanafunse china chilichonse. Anathamangira kunyumba, natenga chikwanje, nabwerera pa mango paja. Anasenda khungwa ndi ukali wonse mpaka muvi unatheratu, patangotsala bala loyera lotuluka utomoni. Kenaka anatsetsereka kupita pa mlatho, akulira mokweza kuti aliyense amve.

Pa mlatho pankalamulira Jailos. Mnyamatayu anali wa msinkhu umodzi ndi Honest, ndipo anakulira pakhonde pa Alefa, kudya m'mbale imodzi ndi mwana wake. Sukulu inamukana, ntchito ya pa esiteti inkamupeza m'dzinja mokha. Mphekeserazi ndi zimene zinamupatsa udindo woyamba m'moyo wake, ndipo wenzulo imene anaikoleka m'khosi ankagona nayo.

"Pukutani misozi, mayi," anatero Jailos atamva nkhaniyo. "Nyumba yanu saikhudza amenewo, ine ndili moyo. Masana ano tikhala pano, dzuwa likapendeka tibwera tonse kudzazinga nyumbayo. Inu mungotikonzera koika m'kamwa."

"Mukawagwira musawamvere chisoni, Jailos," anatero Alefa. "Iwo chisoni alibe."

Mawu a mayi wolira amayenda msanga. Dzuwa lisanafike pamutu, ena anali atapeza mivi ina pa miyala ya m'mbali mwa msewu, ndipo pa mlatho panadzaza anthu a midzi yozungulira, ndi zibonga, makasu ndi zikwanje. Alefa anamva mtima kukhala pansi poona khamu lonselo laimirira chifukwa cha iye. Anasenza chimanga kupita ku chigayo ku Milonde, poti alonda ochuluka chotero sungawadyetse ufa wa m'kambale.

Ali pamzere ku chigayoko, foni inalira m'mphepete mwa chitenje. Anali Honest, mawu ake odzaza chimwemwe ndi wefuwefu.

"Amayi, muli pakhomo? Dzulo ndinapeza loko. Mwauona muvi wanga pa mango paja?"

Alefa anatseka khutu linalo ndi chala. Chigayo chinkalindima.

"Wati muvi wa ndani?"

"Wanga, amayi! Ndatsegula njira yatsopano ya alendo. Izidutsa pakhomo panu, azipuma pamenepo, azimwa thobwa lanu, kenaka tizikwera pachitunda kukaona Ruo. Ndimafuna ndikudzidzimutseni. Lero ndikuiyesa ndi a Diana a ku Blantyre, amene amasonkhanitsa gulu la opalasa. Iwo akutsogola, ine ndili pambuyo osawauza kanthu, kuti tione ngati mlendo angayende ndi mivi yokha osasochera. Tatsala pang'ono kufika."

Alefa anakuwa m'foni.

"Honest, bwererani! Ukundimva? Bwererani komweko! Pa mlatho pali anthu!"

"Za anamapopa zija? Amayi, kwathu komwe kuno, ndani sandidziwa ine? Komanso pa mlatho sitifikapo, tikhotera pa mango. Tenthetsani madzi a tiyi."

"Muviwo palibe! Ndausenda ine!"

Koma foni inali itaduka kale. Anaimbanso, inangolira osayankhidwa. Munthu ali pa chishalo, manja onse ali pa mahandulo, foni saimva.

Chimanga anachisiya pomwepo. Anagwira wakabaza woyamba amene anamuona, nakhala pakaliyala, n'kumamumenya kumsana kuti apalase mwamphamvu. Njira yonse ankapempha Mulungu chinthu chimodzi chokha, kuti iye akhale woyamba kufika pa mango, aime pamenepo m'malo mwa muvi uja. Pa chikweza wakabaza atatsika kuti akankhe, Alefa anamusiya n'kuthamanga wapansi, msana wodwala uja atauiwala.

Atafika pa mphambano anayang'ana pansi. M'fumbi munali mikwasa iwiri ya matayala a timano, amene sapezeka pa njinga za kumudzi. Yonse iwiri inadutsa mtengo wa mango osakhota. Woyamba unapita molunjika, poti mlendo sanaone chomuuza kuti akhote. Wachiwiri unakwekwereza pang'ono pamene mwini wake anagwira mabuleki, kenaka unatsatira mnzake kumtsetse. Kumunsi wenzulo inali itayamba kulira.

Mtsetse umenewo ndi wautali, ndipo munthu ali pamwamba amaona mlatho wonse bwinobwino, koma mawu ake safikako. Alefa anaona zonse akuthamanga. Anaona mlendo uja, Diana, atagwa tsidya la chipika chimene njinga yake inagunda, anthu atamuzinga, wina akumukoka tsitsi. Anaona Honest akudumpha pa njinga yake isanaime, n'kukankha anthu kuti alowe pakati. Anali ndendende momwe Doris ananenera, chisoti pamutu, magalasi akuda, kachikwama kumsana ndi kapaipi kolendewera paphewa. Anagwada pamwamba pa Diana, zibonga zikugwera pa msana wake. Kenaka anachita chinthu chimene kwa iye chinali chanzeru. Anavula magalasi, namasula chisoti, nachikweza m'mwamba kuti anthu akwawo aone nkhope yake.

Njerwa inachokera kumbuyo kwa gulu. Inamupeza pamwamba pa khutu, pamalo pamene chisoti chinali chitangochoka.

Alefa anakuwa mfuu imene anaimva ngakhale otchola tiyi kutsidya kwa mtsinje. Anagwa, nadzuka, mawondo atasupuka, nathamangabe. Pofika pa mlatho analowa m'gulumo ndi mutu. Wina anamubwezera m'mbuyo ndi chigongono pakamwa, mlomo unang'ambika, koma anadutsa pansi pa mikono ya anthu mpaka anafika pakati.

Honest anali chigonere chammbali, magazi ali chuchuchu kutsikira m'khosi. Mwendo wina unapindika pamene mwendo supindika. Diana anali pambali pake atagwira mkono wothyoka, akubwereza mawu amodzimodzi, "Chonde abale anga, ndife a njinga, ndife a njinga chabe." Mnyamata wina anali akugudubuza tayala lakale la galimoto. Wina anali atanyamula kachigubu ka petulo.

"Mwana wanga uyu!" anakuwa Alefa, atatambasula manja pamwamba pake. "Jailos, ndi Honest uyu! Sukumuona?"

Jailos ankamuona. Kumuzindikira ndiye kumene kunawonjezera moto. Maso ake anali psuu, m'dzanja lina muli chikwanje, m'dzanja lina kachitini ka penti kamene anakapeza pa njinga.

"Ndikumuona, mayi. Nanga wowasonyeza njira angakhale ndani, ngati si mwana wa m'mudzi momwemuno? Tinkadabwa ife, munthu kumangoyenda ndi alendo m'tchire, ntchito yanji imeneyo? Penti ndi uyu. Analemba ndi nyumba ya mayi ake omwe!"

"Ndi mivi ya njira! Yoti alendo asasochere! Ndinalakwitsa ine, ndinalankhula ndisanafunse!"

"M'mawa munati tisawamvere chisoni," anatero bambo wina wa mudzi wa kutsidya. "Pano khoswe wakhala pa mkhate, mwayamba kusintha nyimbo?"

Gulu linavomera ndi mkokomo. Mwala unamugunda Alefa paphewa. Chibonga china chinadutsa pansi pa mkono wake n'kumumenya Honest m'nthiti, ndipo phokoso lake Alefa analimva m'thupi mwake momwe. Jailos anawerama, nadula malamba a kachikwama ka kumsana kaja, nasolola chimene chinali mkati. Linali thumba la pulasitiki loonekera, lolumikizidwa ku kapaipi kaja, ndipo mkati mwake munkagwedezeka madzi ofiira. Analikweza m'mwamba kuti onse aone.

"Nanga awa? Awa ndi mivi ya njira? Magazi a ana athu awa!"

Apo anthu anapenga. Amayi analira, ena anathawira m'mbuyo, anyamata anakankhana kufuna kufika kutsogolo. Tayala lija linaponyedwa pa miyendo ya Honest. Petulo anathiridwa, namwazikira ndi pa chitenje cha Alefa chomwe. Wina anayamba kufunsa amene ali ndi machesi, ndipo mnzake anawatulutsa m'thumba.

Alefa anayang'ana thumbalo, dzuwa likuwala kudutsa mkati mwake. Mayi amene wapha nkhuku moyo wake wonse amadziwa kuti magazi saonekera kuwala chotero. Kufiira kumeneko ankakudziwa. Anadzithyolera yekha kuseri kwa nyumba yake, nayanika yekha pa mphasa.

Analumphira Jailos ngati wamisala, namulanda thumbalo, chikwanje chikumucheka m'chikhatho. Anaika kapaipi kaja m'kamwa, nayamwa. Sipanatuluke kanthu. Anayamwanso mpaka masaya analowa mkati, koma kapaipiko kanali gwaa, poti kumapeto kwake kuli kampira kamene kamatsekula pokhapokha munthu akakaluma. Alefa izo akanazidziwira kuti? Gulu linangoti zii, podabwa ndi mayi wofuna kumwa magazi pamaso pa anthu. M'chetechete umenewo anamva mawu aang'ono a Honest pafupi ndi mapazi ake.

"Mulume kaye, amayi."

Analuma. Chidede chinadzaza m'kamwa mwake, chofunda ndi dzuwa, chowawasa, cha shuga wochepa momwe Honest ankachikondera. Chinamuluma pa mlomo wong'ambika uja. Anameza kamodzi kuti onse aone kholingo likuyenda. Anayamwanso, nadzaza masaya, nagwira Jailos pakolala, namulavulira zonse kumaso.

Jailos anadzandira m'mbuyo akufuna kukuwa, ndipo pokuwapo madziwo analowa m'kamwa. Anaima. Lilime linatuluka lokha kukanyambita mlomo. Chakumwa chimenechi anachimwa ubwana wake wonse pakhonde pa mayi ameneyu, m'kapu imodzi yachitsulo yolandirana ndi Honest.

"N'chiyani, Jailos?" anafunsa wa machesi uja. "Tiuze!"

Chikwanje cha Jailos chinagwa pa matabwa a mlatho.

"Chidede," anatero ndi mawu osamveka bwino.

"Wati chiyani?"

"Ndati ndi chidede!"

Alefa sanakhutire. Anayenda pa mzere wa kutsogolo akufinya thumbalo, kumwaza chidede pa nkhope za anthu, pa malaya awo, pa manja ogwira zibonga. "Lawani! Iwe lawa! Inu bambo munanena za khoswe, lawani!" Fungo lowawasa lija linamveka pa mlatho ponse, ndipo panalibe mmodzi amene sankalidziwa, poti chidede chimamera kuseri kwa nyumba ya aliyense.

Gulu la anthu ndi chinthu chamantha kwambiri. Anthu omwe aja amene ankakankhana kuti afike kutsogolo anayamba kukankhana kuti afike kumbuyo. Miyala inagwetsedwa mwakachetechete m'mbali mwa miyendo. Wina anakumbukira mbuzi zake, wina mwana wodwala. Wa machesi anawabwezera m'thumba ngati sanawatulutsepo. Posakhalitsa pa mlatho panatsala zibonga zopanda eni, njinga ziwiri zopindika, ndi chisoti chimene chinalibe ngakhale kamng'alu.

Alefa anachotsa tayala lija, nakhala pansi, naika mutu wa Honest pa miyendo yake. Anavula duku n'kutseka balalo, koma duku linanyowa nthawi yomweyo.

"Mwanaka," anatero m'Chilomwe cha amayi ake, chimene ankachilankhula pokhapokha mtima ukasweka. "Mwana wanga, ndine ndinasenda muvi uja. Ndine ndinawaitana anthuwa."

Honest anatsekula diso limodzi. Kaya anamva kaya sanamve, Alefa sadzadziwa.

Lole yonyamula tiyi ndi imene inawatenga. Dalaivala ataona chipika anafuna kubwerera, koma Jailos anachikoka yekha kuchichotsa mumsewu, nathandiza kukweza Honest pamwamba pa matumba a masamba. Sanakwere nawo. Lole inayenda m'njira ya pakati pa minda ija Honest ankaitama, tiyi ali wobiriwira mbali zonse, phiri lili poyera popanda kamtambo. Diana ankalira mwakachetechete, atagwira dzanja la Honest ndi mkono wake wabwino. Asanafike pa msewu wa tala, dzanjalo linalemera. Alefa anamutseka maso, ndipo sanamuuze dalaivala kuti achepetse liwiro.

Pamaliro panadzaza anthu, ndipo ambiri mwa amene ankaimba mokweza anali pa mlatho tsiku lija. Alefa ankawadziwa mmodzimmodzi, koma sanaloze chala aliyense. Akanayambira pa ndani, woyamba kulozedwa ali iye mwini? Apolisi anatenga ena. Jailos anawoloka Ruo maliro asanachitike, ndipo sanaonekenso. Diana anatumiza uthenga wachipepeso ali m'chipatala. Gulu la opalasa silinabwere, ndipo njira yatsopano ija inathera pomwepo.

Anthu atabalalika, nyumba itatsala zii, Alefa anatsikira pa mlatho m'mawa wina. Kachitini ka penti kaja kanali kakadali mu udzu pamene Jailos anakagwetsa, poti panalibe wofuna kukakhudza. Anakatola, nakwera nako mpaka pa mphambano. Bulashi analibe. Anathyola kamtengo, natafuna nsonga yake mpaka inafewa, naviika m'penti.

Pa bala loyera lija la mtengo wa mango anajambulapo muvi. Unatuluka wokhota, poti chikhatho chochekedwa chija chinali chisanapole, ndipo penti anayenderera pansi. Koma unkaloza kumanzere, kukwera kanjira ka kwawo. Anthu odutsa ankaweramitsa mitu n'kufulumiza miyendo. Palibe analiza wenzulo.

Doris yekha ndiye anaima, ndowa ili pamutu. Anayang'ana muviwo nthawi yaitali.

"Amake Honest, alendo aja sabweranso. Mukulembera ndani?"

Alefa anatseka kachitini, napukuta zala pa chitenje chake chakuda.

"Anandiuza kuti nditenthetse madzi a tiyi," anatero. "Akamabwera, asapitirirenso."